Ndinaimirira pa bwalo, buku lili m'manja

Ndinafika ku Mangochi mu Okutobala 2016, dzuwa likuswa mtengo. Pomwe ndimatsika minibasi pafupi ndi nsanja ya wotchi ija ili kufupi ndi mlatho wa Shire, malaya anali atanyowa ngati ndagwera m'madzi. M'chikwama munali satifiketi ya u-paralegal ndi timabuku ta malamulo tomwe ndinali nditatidula mizere yofiira tsamba ndi tsamba. Ndine mwana wa ku Ntcheu. Nyanja ndinali nditaiona kamodzi pa ulendo wa sukulu, ndipo Chiyao chimene ndinkadziwa chinali "sikomo" basi.

Kwa amene dzinali simulidziwa, paralegal si loya. Ine sindivala mkanjo wakuda, sindiimira munthu pamaso pa woweruza. Ntchito yathu ndi kuyenda m'zitokosi za apolisi, m'ndende ndi m'makhoti kufotokozera anthu za mlandu wawo m'chiyankhulo chimene amamva, kusaka achibale oti adzawaimire pa belo, kulondola mafayilo amene agona, ndi kuyanjanitsa anthu pa nkhani zazing'ono zisanakule. Kumudzi amatitcha "a zamalamulo", ena "a bungwe", ena "a maufulu", ndipo dzina lomalizali nthawi zina amalitchula mokhala ngati akulavula. Ntchitoyi inazika mizu m'dziko muno m'chaka cha 2000, pamene Paralegal Advisory Service inayamba kulowa m'ndende mothandizidwa ndi Penal Reform International. Lero ndi bungwe lija timangoti PASI. Boma nalo lili ndi Legal Aid Bureau. Komabe maloya ambiri ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo munthu wa ku Makanjira kapena kwa Katuli akagwa m'mlandu, wodziwako malamulo woyamba kumuona kawirikawiri amakhala wonga ine.

Bungwe limene linandilemba ntchito linali laling'ono: chipinda chimodzi cha lendi, tebulo, mipando ya pulasitiki ndi njinga yamoto imene inkalira ikafuna yokha. Tinalimo awiri. Mnzangayo anali mayi wachikulire wobadwira konkuno, wolekeza sukulu Fomu 2, koma atagwira ntchitoyi zaka zoposa 10. Ndinkawatcha Anti. Ndisaname, mumtima ndinkawapeputsa. Ukawafunsa nambala ya gawo la lamulo ankangoseka n'kunena kuti, "Zimenezo ndi zanu achimwene, inu a mabuku." Ndinkadabwa kuti munthu amatha bwanji ola lathunthu akufunsa wodandaula za mvula, za ana ndi za mtengo wa usipa, pamene fomu yathu ili ndi mafunso 12 okha.

Sabata yanga yachitatu kunabwera mtsikana kuchokera kutsidya, njira ya ku Malindi. Anati mayi ake aang'ono alandidwa injini ya boti ndi akuchimuna. Mwamuna wawo anali atamwalira milungu itatu yapitayo, ndipo anasiya boti, injini ndi khoka la chilimira. Tsiku limenelo Anti anali ku maliro ku Namwera. Ndinati mumtima, uwu ndi wanga.

Nkhaniyo ndinkaiona yosavuta. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa womwalira ndi mlandu woti munthu akhoza kumangidwa nawo. Gawo lake ndinali nditaliloweza. M'mawa mwake ndinakwera njinga yamoto, n'kufikira kwa amfumu. Ndinawapatsa moni wachidule, n'kuwapempha kuti aitane mbali zonse ziwiri tsiku lomwelo chifukwa mafuta obwerera kawiri ndinalibe.

Anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Mayi wamasiyeyo sanabwere, m'malo mwake kunabwera mlongo wake. Amfumu atandipatsa mpata, ndinaimirira. Onse anali pansi, ngakhale amfumuwo anali pa kampando kakafupi, ine ndekha njo, buku lili m'manja. Ndinawerenga m'Chingerezi, kenako n'kumasulira. Nditafika pa mawu oti wolanda katundu akhoza kumangidwa, ndinatembenuka n'kuyang'ana mkulu wake wa malemuyo, bambo wa imvi, wa mkanjo woyera ndi chipewa cha kumzikiti. Ndikuganiza kuti ndinamulozanso ndi chala, ngakhale ndimalakalaka ndikanakumbukira mwina.

Bamboyo sanakweze mawu. Anayankhula Chichewa pang'onopang'ono kuti ndimve bwino. "Bambo, mng'ono wanga wagona kumanda masiku 23. Ife tikanalira. Inu mwabwera ndi unyolo."

Amfumu anangoti, "Tamva, a zamalamulo. Tidzakuitanani." Sanandiitane. Patapita masiku awiri mtsikana uja anabweranso ku ofesi, osakhala n'kukhala pansi komwe, n'kunena kuti mayi akuti zikomo, koma musabwerenso.

Anti atabwerako ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti andiuza kuti anthu a kuno ndi ouma mitu. Sanandikalipire. Ankasenda mtedza, n'kumandifunsa mmodzimmodzi.

"Munapepesa maliro?"

Ayi.

"Sadaka ya masiku 40 yachitika?"

Sindinkadziwa kuti kuli sadaka yotero.

"Mayiyo munamuona ndi maso anu?"

Ndinati anakana kubwera pa bwalo. Anti anandiyang'ana nthawi yaitali. "Achimwene, munthu uja ali pa eda. Mkazi wachisilamu mwamuna wake akamwalira amakhala miyezi inayi ndi masiku 10 osayendayenda. Inu mumafuna akakhale pa bwalo pamaso pa amuna a mudzi wonse?" Kenako anaponya funso lomaliza, limene linandimaliza: "Nanga malemuyo anali ndi akazi angati?"

Tinadikira mpaka sadaka itadutsa. Tsiku lopitako Anti anandiuza kuti ntchito yanga ndi kuyendetsa njinga ndi kutseka pakamwa. Tinagula shuga ndi sopo. Kwa amfumu tinakhala pafupifupi ola, Anti atagwada poyamba, kenako atakhala pa mphasa, akupepesa kuti mwana wawoyu ndi mlendo, anathamanga. Mwanayo ndinali ine, wa satifiketi. Kuchoka apo anazungulira kuseri kwa nyumba ya wamasiyeyo, kumene kunali amayi akupeta mpunga, ine n'kutsala pakhonde ndi ana. Maola awiri anatha. Mawu oti injini sindinawamve ngakhale kamodzi, ngakhale kuti ndi mawu okhawo amene ndikanawazindikira m'Chiyao chonsecho.

Pobwerera ndi pomwe anandiuza. Malemuyo anali ndi mkazi wachiwiri cha ku Malombe, wa ana atatu, ndipo lamulo lomwe lija ndinkawerengali silitaya anawo kunja. Injiniyo inali ndi ngongole kwa mayi wina wogula nsomba. Mkulu uja anaitsekera m'nyumba mwake chifukwa alovi, anyamata ogwira ntchito pa botilo, anali atayamba kutenga boti usiku osauza munthu. Sindikumuyeretsa ayi, n'kutheka kuti analinso ndi maganizo ake pa injiniyo, ndipo Anti sanamukhulupirire kwathunthu. Koma nkhani sinali ya wakuba ndi wobedwa monga ndinaijambulira ine. Nyumba mayiyo sankaopa kulandidwa, popeza kuno ambiri ndi a chikamwini, ndipo inamangidwa pa malo a amayi ake. Chimene chinkamusowetsa tulo chinali fizi ya mwana wake wa Fomu 3, ndi dzina limene ndinali nditamupatsa ine m'mudzi, loti ndi mkazi woitanira alamu ake apolisi dothi la pamanda lisanaume.

Zinatenga maulendo ena atatu. Mapeto ake anagwirizana kuti boti lizipitabe pa nyanja, ndalama zizilembedwa m'kope ndi munthu wosankhidwa ndi mbali zonse, ngongole iyambe yatha, zotsala zizigawidwa ku nyumba ziwirizo. Amfumu ndi a shehe anasaina. Ndipo lamulo lija Anti analitchula. Analitchula kamodzi kokha, motsitsa mawu, kwa amfumu ali okha: "Mwenye, inu mukudziwa kale mmene boma limaonera za chuma cha masiye masiku ano. Tisafike kumeneko." Lamulo lomwelo, chilango chomwecho. Ine ndinaliponya pa gulu ngati mwala, iwo analisiya m'manja mwa mfumu kuti ikalinyamule yokha.

M'mawekishopu a ku Lilongwe zinthu zimenezi amazitcha soft skills, kutanthauza maluso ofewa, ndipo amazisiyira tsiku lomaliza masana, anthu atakhuta, maso ali pa envelopu ya alawansi. Amalemba pa pepala lalikulu kuti kumvetsera, kuyankhula bwino, kudekha, kusunga chinsinsi, ife n'kuomba m'manja. Dzinalo limandinyansa. Kuloweza gawo la lamulo kunanditengera usiku umodzi. Kuphunzira kukhala chete munthu akulira, osamudula, osathamangira kumutonthoza kuti ine ndipepukidwe, kwanditengera zaka, ndipo mpaka pano ndimaphonyabe. Chofewa pamenepa n'chiti?

Tengani za ku polisi. Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limanena kuti munthu womangidwa afikitsidwe ku khoti pasanathe maola 48. Paralegal aliyense amalidziwa ngati dzina lake. Wapolisi aliyense amalidziwanso. Choncho ukalowa pa kauntala n'kuyamba kumuwerengera, sunamuuze chachilendo, wangomuuza kuti ndi wosadziwa ntchito, anthu akumva. Akuyankha kuti wofufuza mlanduwo wachoka, ubwere mawa, ndipo amene agone m'chitokosi usiku wina si iwe. Masiku ano ndimayamba ndi moni weniweni. Ndimadziwa amene mwana wake akudwala, ndi amene ali wa Bullets woti usamuyandikire Lolemba timu ikagonja. Kenako ndimati, "Bwana, mnyamata uja wa Lachiwiri, chikutsekereza n'chiyani? Pali chimene ndingathandize?" Nthawi zambiri chotsekerezacho chimakhala chenicheni: galimoto ilibe mafuta, wodandaula sanabwere kudzapereka sitetimenti, achibale sakudziwa n'komwe kuti munthu wamangidwa. Ziwiri zomalizazo ndingathe kuzithamangira ndi njinga. Ndipo tsiku limene pafunika kunena kuti bwana apa lamulo laphwanyidwa, amandimva, chifukwa sindinena tsiku lililonse. Belo ya apolisi ndi yaulere, ndipo achibale ndimawauza zimenezi momveka, koma ndimawauzira panja, pansi pa mtengo.

Pa kumvetsera pali kanthu kena kamene sindinakamvepo m'kalasi. Anthu athu ambiri sasunga nthawi ndi madeti. Ukafunsa kuti zinachitika liti, ukumva zoti kunali mdima wa usipa, kapena itangotha Ramadani, kapena chaka cha Freddy. Wosadekha amalemba kuti "sakukumbuka", pamene munthuyo wakupatsa deti, kungoti ili m'kalendala ina.

Mu 2024 ndinapeza mnyamata m'chitokosi cha akuluakulu, pa mlandu woba foni pa doko. Pa pepala panalembedwa zaka 19, ndipo anazinena ndi iye mwini. Ndinamuyang'ana mapewa, ndinamuyang'ana chibwano, mtima sunavomere. Nditakhala naye kanthawi anaulula kuti 19 ndi zaka zimene ankauza mwini boti kuti amulembe ganyu, ndipo anazizolowera. Chiphaso chobadwira analibe, mayi ake anamwalira, bambo ake anapita ku Joni kalekale osamvekanso. Ndinakapeza agogo ake. Funso loti anabadwa chaka chanji linangowaseketsa. Ndinaleka, n'kuyamba kucheza nawo za mwana wawo womwalirayo, mmene analili, kumene anachirira. Pakati pa nkhaniyo anati, "Anachira titangovota kumene, ulendo uja Bingu anawina kachiwiri. Ndinamulandira mwanayo inki isanachoke pa chala changa." Chisankho chimenecho chinali cha Meyi 2009. Mnyamatayo anali ndi zaka 15. Tinafwanthula m'chikwama chakale cha malemuyo n'kupeza khadi la kusikelo, lodyedwa ndi njenjete m'mbali, koma chaka chikuoneka. Chisinthireni malamulo oyendetsera dziko mu 2017, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana lili ndi njira yakeyake yoyendetsera milandu yawo. Tsiku lomwelo anamuchotsa pakati pa akuluakulu.

Amene amaganiza kuti kucheza ndi agogo si ntchito ya malamulo akumbukire za mlandu wa Kafantayeni. Mu 2007 khoti lalikulu linagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingolandira chilango cha imfa, woweruza osamva kaye za moyo wake. Kuyambira 2015 akaidi oterowo anayamba kuweruzidwanso, ndipo oposa 100 anatuluka. Umboni wochepetsa chilango sunali m'mafayilo, ena mwa mafayilowo anali atasowa n'kale. Unali m'midzi, m'kamwa mwa mafumu, amayi okalamba, ngakhale achibale a ophedwawo. Anakautenga ndi ma paralegal, atakhala pa mphasa, akufunsa anthu za tsiku limene ankafuna kuliiwala. Munthu wofika ndi fomu ndi changu ngati changa cha 2016 akanabwerako chimanjamanja.

Koma pali ngozi yake, ndipo ndainunkhiza pa ine ndemwe. Ukazolowera kugwada kwa mafumu, kuseka ndi apolisi, kukondedwa ndi mbali zonse, umayamba kuopa kukhumudwitsa anthu. Ulemu umasanduka mantha iwe osadziwa. Ndaonapo anzanga abwino akuyanjanitsa nkhani zosayenera kuyanjanitsidwa, mayi wotupa diso akubwezedwa kunyumba ndi mawu oti banja ndi kupirira, pamene lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo chiyambire 2006.

Tsiku lina kunabwera amuna atatu, aulemu kwambiri, mmodzi ndi malume a mtsikana wa zaka 13. Bambo wina wa ndalama zake m'deralo anali atamuchita zoipa mwanayo. Akwawo a bamboyo anali atabweretsa mbuzi ndi ndalama, ndipo malumewo, monga mwinimbumba, anali atavomera. Ankangofuna ine ndilembe pepala la mgwirizano. "Bambo, inu timakudziwani, mumayanjanitsa anthu. Tiyanjanitseni, zithere pomwepa."

Ine wa 2016 ndikanawathamangitsa, ndipo mwanayo akanamutumiza kwa achibale akutali, nkhani n'kuzimirira. Koma ine wozolowera kukondedwa ndinamvanso lilime likufuna kuzungulira, kunena kuti tiona, tikambirana. Ndinawapatsa madzi akumwa. Ndinawalola kunena zonse, za manyazi a banja, za kuopa munthu wa ndalama, pajatu khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Malumewo sanali chilombo, anali munthu wamantha wokhala ndi ana asanu ndi awiri owadyetsa. Atatha ndinati, "Ankolo, ndamva zonse, ndipo mantha anu si opusa. Koma pepala limeneli sindilemba, ndipo palibe amene ali ndi mphamvu yolilemba, kaya mfumu kaya ine. Uwu ndi mlandu wa boma. Mwanayu afunika kuonedwa kuchipatala lero, osati mawa. Ndipita nanu limodzi, ku Victim Support Unit ya apolisi ndikayankhula ndine." Anakhala chete nthawi yaitali. Awiri aja ananyamuka n'kumapita osatsanzika. Malumewo anatsala. Anti, amene nthawiyo anali atatsala pang'ono kupuma ntchito, ananyamula chikwama chawo osanena kanthu n'kupita kukatenga mwanayo ndi mayi ake, chifukwa si nkhani yoti mwamuna wachilendo ngati ine akamufunse mtsikana.

Zina n'zazing'ono koma zimaluma tsiku ndi tsiku. Munthu wa pa limandi akakugwira dzanja n'kufunsa kuti bwana ndituluka liti, pakamwa pamafuna kunena kuti posachedwa. Ndinanenapo kamodzi, munthuyo anakhala miyezi ina isanu, ndipo ulendo uliwonse ndikalowa ankangondiyang'ana. Tsopano ndimanena chimene ndichite ndi tsiku limene ndibwerenso, basi, ndipo ndimabweradi ngakhale ndilibe nkhani yabwino. Za chinsinsi nazo, Mangochi ndi tauni yaing'ono. Mayi amene dzulo wandiuza zam'kati mwa banja lake ndikumana naye mawa mumsika ali ndi apongozi ake. Ndimadutsa ngati sindimudziwa, pokhapokha iye ayambe. Mkazi wanga anasiya kalekale kundifunsa chifukwa chake anthu ena amandipatsa moni ndi maso okha.

Chiyao ndinaphunzira, chothyokathyoka. Ndikati "Ajimwiche uli?" amayi amaseka katchulidwe kanga ka Chingoni, ndipo kusekako kumatsegula nkhani msanga kuposa chitupa cha ntchito chimene chili pakhosi panga. Anti anapuma, ali kwawo amalima mpunga, koma ndimawaimbirabe foni ndikakakamira. Funso lawo loyamba silinasinthe: "Mwamuona mwini nkhaniyo ndi maso anu?"

Mwana wa Fomu 3 uja anamaliza sukulu. Boti lija linagwira ntchito zaka zingapo, kenako anagulitsa n'kugawana. Mkulu wa malemu uja ali moyo, wakalamba, amayenda ndi ndodo. Ndinapita kukamupepesa chaka chomwecho, Anti atandiperekeza, ndipo anati wamva. Mwezi wathawu tinakwera galimoto imodzi ya matola kuchokera ku Malindi, mawondo athu akugundana njira yonse. Ndinamupatsa moni m'Chiyao, mwaulemu wonse umene ndaphunzira zaka zonsezi. Anayang'ana kunyanja. Titawoloka mlatho anatsika, n'kulipira yekha.